Apongozi ndi Tayala la Kumanzere

Galimoto imene apongozi anga aamuna anasiya pomwalira ndi yakale kuposa ine, ndipo ine si mwana. Anaigula kwa mzungu wina wa ku esiteti ya fodya, amene nayenso anaigula itakalamba kale. Anthu a ku Nkopola amati nyanja pobwera inaipeza itaima pansi pa mtengo wa mango womwe imaimapo lero. Zimenezo sindinazione, ndiye sindingalumbire. Zimene ndingalumbire ndi izi: ikakhala pamsewu nkhuku sizithawa, zimangoyenda m'mbali mwake n'kuipitirira.

Inagwera m'manja mwanga chifukwa pamudzi ponse wa laisensi ndinali ine ndekha. Pamudzipo ndine mkamwini, ndipo zaka zisanu ndi zinayi ndinakhalapo osadziwa bwino nkhope ya apongozi anga aakazi. Kwathu mkamwini ndi amayi a mkazi wake amapewana. Simudyera pamodzi, simuyang'anana m'maso, mukakumana pakanjira wina alowe m'chinangwa. Mawu athu ankadzera mwa mkazi wanga. Iwo ali pakhonde, ine ndili pakhonde lomwelo, koma moni ankayamba wazungulira kukhitchini.

Lachiwiri lina m'mawa mkazi wanga anaimba foni ali ku Namwera, kumene anapita kukadwazika amalume ake. Amalumewo anali atatisiya mbandakucha. Ameneyu anali mlongo yekhayo wa apongozi. Awiriwa anawoloka limodzi kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, iwo ali mtsikana, iye ali kumsana kwawo.

Maliro a Chisilamu sagona. Mkazi wanga anati amuna akangotuluka mumzikiti pa swala ya masana, abwera kudzanyamula jeneza, chithatha chonyamulira maliro. Akazi sapita kumanda. Ndiye kuti apongozi akafuna kuona nkhope ya mlongo wawo, anayenera kumupeza akadali m'nyumba. Akachedwa, basi.

Tinanyamuka cha m'ma naini. Thumba la mpunga ndinalimanga padenga ndi malegeni, apongozi anakhala kumbuyo, ndipo kagalasi ka m'kati ndinakatembenuza kuti kaziyang'ana kudenga. Tinadutsa paboma, tinawoloka Shire, tinayamba kukwera phiri. Pakona yachitatu tayala lakutsogolo kumanzere linausa moyo, fuuu, ngati munthu wamkulu akukhala pansi, ndipo galimoto inagwada.

Ndinatuluka. Ndinayang'ana tayala, ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ananso tayala. Apongozi anatsika okha, n'kukakhala pamwala pansi pa mtengo, atandipatsa msana monga mwa mwambo.

Apa ndiyenera kuulula. Tayala la sipeya tinalibe. Ndinali nditalibwereketsa kwa mnzanga wina wa ku Nkhudzi kuti apachike m'mbali mwa boti lake, lisamagundike padoko. Anati abweza nsomba zikayamba kugwidwa bwino, ndipo mpaka lero nsombazo zikuganizabe. Munalinso chubu chapadera chimene malemu ankasunga chopindapinda m'buti. Chimenecho ndinachidula ndekha malegeni. Munthu wa kunyanja akaona chubu saona chubu, amaona zingwe makumi atatu.

Ndinathamangira pakati pa msewu kuti mwina apongozi akwere china, ine nditsale. Inabwera minibasi yodzaza moti munthu wina anali atatulutsa mutu ndi mwendo umodzi pawindo kuti anzake apumeko. Walahi, sindikuthirako mchere. Sinaime. Anaima wa kabaza wa njinga yamoto, koma bondo lamanja la apongozi linasiya kupinda chaka cha dzana. Anangoyang'ana njingayo n'kupukusa mutu, wa kabazayo anapita.

Ndinabwerera, ndinatenga sipanala, n'kugwira nati yoyamba. Sinasunthe. Ndinakoka ndi manja, ndinaponda ndi mwendo, ndinakwera pasipanala ndi miyendo yonse iwiri n'kudumphadumpha. Malaya sindikanavula pamaso pa apongozi, ndiye thukuta linatsika mpaka kudzaza nsapato, ndikaponda zinkalira ngati achule. Kuwerama ndikuwalozetsa mbuyo sikunali kotheka, ndiye ndinkagwira ntchito cham'mbali ngati nkhanu. Manati anayi ndinalimbana nawo, onse anayi anangolimbirako.

Kenako ndinamva mawu kuchokera pamwala paja.

"Galimoto iwe," anatero apongozi, maso ali kutchire, "uwauze abambo ako atsopanowa kuti iwe kumanzere kwako umamasuka mobwerera. Akukumangitsa chimangitsire."

Ndinaima kaye. Ndinapotoza sipanala kumene munthu wanzeru aliyense amapotozera akafuna kumanga, ndipo nati inamasuka ngati inali kungodikira kufunsidwa mwaulemu. Magalimoto ena akale anapangidwa chomwecho, manati a mbali ya kumanzere ali ndi mazinga obwerera. Ine theka la ola lonse ndinali kumanga tayala loti ndilichotse.

"Galimoto," ndinatero, "uwathokoze amayi."

"Uwauzenso kuti pansi pa mpando wanga pali bokosi."

Bokosi lachitsulolo ndinkalidziwa, koma ndinkayesa muli mapepala a malemu. Munali zitsulo ziwiri zaphanthiphanthi zosulidwa kuchokera ku sipulingi, pampu ya manja, mpeni, ndi kachitini ka guluu. Guluuyo anali watsopano. Sindinafunse.

Ndinaika miyala kumatayala akumbuyo, ndinakweza jeki, tayala linatuluka. Kuyambira pamenepo galimoto inalandira malangizo ambiri kuposa amene ine ndinalandira tsiku la ukwati. Iwauze agoneke tayala pansi. Iwauze aponde m'mphepete ndi chidendene mpaka mphira ilekane ndi limu. Mphirayo inali itagwirana ndi limu kuyambira kale, ndipo ndinavina pamenepo gule amene sindinavinepo pachinamwali. Itagonja, ndinalowetsa chitsulo choyamba, ndinapanikiza ndi bondo, ndinalowetsa chachiwiri, choyamba chinafyatuka n'kudutsa pafupi ndi khutu langa chikuimba. Ndinakachitola kutsidya kwa msewu. Ulendo wachitatu mlomo wa tayala unakwera pamwamba pa limu, ndipo ndinasolola chubu.

Madzi oti ndimizemo chubu panalibe okwanira. Galimoto inauzidwa kuti ndipope pang'ono, kenako ndiyendetse chubu pafupi ndi mlomo wanga mpaka ndimve kamphepo. Ndinapsompsona chubu chonse kuzungulira, anthu a m'lole ina yodutsa akundiimbira m'manja. Bowo ndinalipeza. M'kati mwa tayala ndinapapasa ndi zala n'kuzula msomali woti ukanagwira denga la mzikiti wokha.

Chigamba munalibe m'bokosi.

"Galimoto," ndinayamba ndi mawu otsika, "uwauze amayi kuti chubu chija cha m'buti..."

"Ndinachiona," anatero. "Chili pampanda wa bafa. Ndimasambamo tsiku ndi tsiku."

Anati ndimasule legeni limodzi lalikulu pathumba la mpunga, ndidulepo chigamba chozungulira. Ndinapala chubu ndi mwala, ndinapala chigamba, ndinapaka guluu mbali zonse ziwiri. Ndinkati ndimate pomwepo.

"Adikire. Guluu aume kaye, asamamatire chala."

Pa ntchito yonseyi palibe chowawa ngati chimenecho. Kumenya chitsulo munthu umamva kuti ukupita kwinakwake. Koma kuima chilili, chubu m'dzanja ili, chigamba m'dzanja ilo, ukuyang'ana guluu akuuma pamene mthunzi wa mtengo ukubwerera kutsinde, mtima umayamba kuyenda wokha wapansi kulowera ku Namwera. Ndinauzira. Ndinakupiza ndi chipewa. Ndinazungulira galimoto kawiri. Foni inalira.

"Muli pati?" anafunsa mkazi wanga.

"Tili pafupi."

"Inu, musandinamize. Ndikumva mbalame, injini sindikuimva. Akusambitsa tsopano. Amayi ali bwanji?"

"Ali pamthunzi."

"Pamthunzi pa chiyani?"

Ndinati netiweki yavuta.

Chigamba chinagwira. Ndinabwezera chubu, ndipo chifukwa cha changu sindinadikire kuti galimoto iuzidwe chotsatira. Ndinakankha mlomo wa tayala ndi chitsulo, mwamphamvu, kuzungulira, mpaka unalowa ndi phokoso. Ndinagwira pampu. Ndinapopa mpaka mapewa anayaka moto, tayala linayamba kudzuka, ndinayamba kudzimva mwamuna. Ndiyeno ndinasiya kupopa, ndipo m'chete mmenemo tonse awiri tinamva: sssss.

Ndinali nditatsina chubu ndi chitsulo. Bowo latsopano, lopanga ndekha.

Sindinauze galimoto chilichonse. Ndinakhala pansi pafumbi. Ndinamva nsalu ikukutumulidwa, kenako mapazi, lina loponda, lina lokoka. Mthunzi unandiphimba. Ndinadzutsa mutu ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi zinayi ndinaonana maso ndi apongozi anga. Maso awo ndi aang'ono, ofiira m'mbali, ndipo sanali kundiseka.

"Bambo," anatero, "chokani apo."

Ndinachoka. Anamanga chitenje m'chiuno, anakhala pansi mwendo wosapinda uja atautambasula, anakokera tayala pakati pa miyendo ngati lichero. Zitsulo zija m'manja mwawo zinasiya mwano. Kulowetsa, kupotoza, kusuntha pang'ono, kulowetsanso, timagawo ting'onoting'ono ngati akusenda chinangwa. Tayala limene linandilanda ola iwo analitsegula ndisanamalize kupukuta kumaso.

"Dulani chigamba china. Chachikulupo. Musandiyang'ane ine, yang'anani mpeni."

Akupala chubu anandiuza, osadzutsa mutu, kuti zaka makumi awiri ankakwera phiri lomweli ndi amuna awo, atanyamula usipa wouma wokagulitsa ku Namwera. Malemuwo anali ndi chifuwa cha mphumu, akawerama ankabanika.

"Iwo ankadziwa chiwongolero. Matayala ndinali ine."

Anapaka guluu. Tinayambanso kudikira. Ine miyendo inkangofuna kuyenda, koma iwo anakhala phee, chubu chili pamiyendo, akuyang'ana kumtunda kumene msewu unkakhotera. Foni inaliranso m'thumba, ndinaisiya ilire.

"Pothawa nkhondo kuja mlongo wangayu ndinamutula pansi kamodzi kokha," anatero. "Pamtsinje, kuti ndimwe madzi. Ndikucheuka, wakwawira m'bango. Ndinamufuna mpaka mawu anatha. Anthu amene tinali nawo anati tiyeni, msiyeni. Ndinamupeza akudya dothi, akuseka."

Anakhudza guluu ndi kumbuyo kwa chala, anamata, anapsinya ndi chitsulo pabondo.

Kenako anandionetsa chimene ndinalumpha. Chubu umayamba wachipopa pang'ono kuti chikhale ndi thupi, chisapindike pansi pa mlomo wa tayala. Anatulutsa sopo m'chikwama chawo, anathira timadzi, anapaka m'mphepete monse. Ndipo gawo lomaliza, lovutitsitsa lija, chitsulo sichifikapo.

"Ndigwireni mkono."

Ndinazengereza.

"Bambo, mwambo tiupeza kunyumba. Gwirani."

Ndinawagwira, anaimirira patayala, n'kuyenda m'mphepete ndi zidendene, pang'onopang'ono, ngati akuponda dothi la njerwa. Linalowa lokha, phwa.

Kupopa kunali kwanga. Ndinapopa mpaka ndinaona makolo anga onse, ena amene sindinawadziwe n'komwe, atandandalika m'mbali mwa msewu akupukusa mitu. Apongozi ankagogoda tayala ndi sipanala, kumvetsera. "Onjezerani." Ndinaonjezera. "Onjezeraninso." Kenako anathira malovu pavalavu, panalibe thovu. Tinamvetsera tonse. Kunali zii.

Manati ndinamanga mobwerera osauzidwa. Potseka chitseko ndinapeza apongozi akhala kutsogolo, pambali panga.

"Kumbuyo sindiona msewu. Tiyeni. Giya yachiwiri mpaka pamwamba, musaikakamize yachitatu, imakwiya."

Tinakwera. Ndinaponda mafuta mpaka phazi linamva kutentha kwa injini, ndipo tsiku limenelo galimoto ija inapitirira munthu wa njinga yakapalasa. Mboni ndilibe kupatula apongozi, koma zinachitika. Titatsiriza phiri, m'mudzi woyamba tinamva kuitana kwa swala ya masana. M'mudzi wachiwiri amuna anali kulowa mumzikiti. M'mudzi wachitatu nsapato zinali zitadzaza pakhomo, panja popanda munthu. Apongozi ankangogogoda chitseko ndi chala, ndipo pakona iliyonse thumba la mpunga, limene linatsala ndi malegeni awiri, linkaseseleka padenga uku ndi uku.

Tinapatuka pamsewu wa fumbi, tinadutsa minda ya fodya, ndipo ndinaona khamu. Amuna a zisoti zoyera anali atafika kale. Jeneza inali pamapewa, itangotuluka pakhomo.

Apongozi anatsegula chitseko galimoto isanaime. Anayenda akukoka mwendo, anthu akupatuka, mpaka anaima kutsogolo kwa onyamulawo. Sanakuwe.

"Tulani," anatero. "Ndi mlongo wanga."

Onyamula anayang'ana kwa shehe. Shehe anayang'ana mayi amene anaima patsogolo pake, fumbi mpaka kumpango, manja akuda bii mpaka m'zigongono. Anayang'ana galimoto, imene inali kufuka nthunzi ngati ikuphika. Kenako anakweza dzanja, ndipo jeneza inabwerera chambuyo kulowa m'nyumba. Shehe anatuma munthu kuti akamasule chingwe cha kumutu kwa sanda, nsalu yokulungira mtembo.

Mkazi wanga anathamanga kudzawagwira amayi ake, koma iwo anaima pakhonde, akuyang'ana manja awo. Anacheukira kwa ine, anthu onse akuona.

"Bambo, madzi. Sindingamukhudze chonchi."

Ndinatenga chigubu cha madzi a injini, ndinawathirira. Anasamba mofulumira, akuda aja sanachoke onse, m'zikhadabo anatsalamo. Anapukuta kuchitenje n'kulowa. Chitseko chinatsekedwa.

Panja tinaima amuna ambirimbiri, padzuwa, popanda wotsokomola. Patapita kanthawi ndinamva mawu awo m'katimo, akumutchula dzina la paubwana, kawiri, katatu, kenako kulira kumene anakusunga kuyambira m'mawa. Sanachedwe. Chitseko chinatseguka, jeneza inatuluka, ndipo itafika pamene ndinaima ndinalowetsa phewa langa.