Mayi a ku Luka Amene Ndinawafufuta

Zonsezi zinayamba ndi matama anga. Ntchito yanga kuno ku Seraleng, ku Joni, ndi yojambula makanema a maukwati ndi a maliro, kenako kuwadula ndi kuwalumikiza pa laputopu m'chipinda changa cha malata. Sindinapite kusukulu ya zimenezi. Ndinaphunzira pa foni, ndipo mpaka lero ndili m'gulu lina la pa foni la anthu a ntchito yomweyi, mmene timauzana za mapulogalamu atsopano, za nyimbo zaulere zoika pansi pa kanema, ndi za amene akugulitsa kamera yakale. Tsiku lina wina anaponya nkhani m'gulumo yakuti kwabwera chida chofufuta chinthu m'kanema. Umangozunguliza chinthucho ndi mzere, kompyuta n'kuchichotsa, n'kudzaza malowo ndi khoma kapena udzu. Gulu lonse linachita misala. Ine ndinachiyesera pa kanema wa ukwati, ndinachotsa mtengo wa magetsi umene unaima kumbuyo kwa mkwatibwi. Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinayendayenda ndi foni kuonetsa aliyense, ndipo ndinaonetsanso munthu amene sindikanayenera kumuonetsa.

Munthuyo anali wapampando wa bungwe la maliro la Amalawi a kuno, mdala wa ku Dedza amene anapuma ntchito ya m'migodi kalekale. Sindinawakondepo bambo amenewa ndipo sindidzawakonda. Amayankhula ndi munthu ngati akulamula gulu pansi pa mgodi, ndipo akapsa mtima Chichewa chimawathawa, n'kutsala Chifanakalo, chiyankhulo cha m'migodi. Anayang'ana foniyo kawiri, n'kundibwezera.

Patapita milungu itatu kunagwa maliro ku Luka, mudzi wina wa Atswana kufupi ndi kuno. Anamwalira anali mtchona wa ku Ntcheu, amene fumbi la mumgodi linamudya mapapo pang'onopang'ono. Kumudzi anasiya mkazi wa ukwati wa kutchalitchi, koma kuno anakhala zaka zoposa makumi awiri ndi mayi wina Mtswana. Zaka ziwiri zomaliza bamboyo sankathanso kudzuka yekha. Mayiyo ndi amene ankamusambitsa, kumutembenuza, ndi kumutengera kuchipatala pa minibasi. Tonse tinkadziwa. A bungwe ankabwera mwa apo ndi apo, kupemphera mofulumira ataima pakhomo, n'kumapita.

Malemuyo anaikidwa ku Luka komweko Loweruka m'mawa, monga amachitira eni dziko. Ine ndinaitanidwa kuti ndijambule, popeza masiku ano mtchona akaikidwa ku Joni, abale kumudzi amalira ndi kanema. Ndinajambula zonse. M'chipinda anatulutsamo bedi, mayiyo anakhala pa matiresi pansi atafunda bulangete, azimayi awiri atakhala mbali ndi mbali. Kumanda azimayi awiriwo anamugwira mikono pomwe ankaponya dothi. Analira mpaka maikolofoni yanga inasokosera.

Lolemba m'mawa wapampando uja anagogoda pa chitseko changa ndi ndodo yawo. Analowa osadikira kuti ndiwalandire, n'kukhala pa mpando wanga wogwirira ntchito.

"Ija ya mtengo wa magetsi ija," anatero. "Susa lo mfazi. Mayi uja achoke."

"Bambo, achoke bwanji? Ndi amene anali pa matiresi."

"Ayikona! Kumudzi kuli mkazi wa Mvano, wa BP. Ukufuna aone Mtswana atakhala pa matiresi a mwamuna wake, agwe, afe? Udzayankha iwe?"

"Nanga kumudziko sakudziwa?"

"Kudziwa ndi kwina, kuona ndi kwina, mfana."

Ndili ndi imvi ziwiri zitatu m'ndevu, koma kwa iwo ndine mfana basi. Ndinati tingodula zigawo zimene mayiyo akuoneka. Anakana. Ankafuna chipinda chioneke, makandulo aoneke, bokosi lioneke, kuponya dothi kuoneke, kuti kumudzi adziwe kuti bungwe linaika munthu mwaulemu. Anandikumbutsanso, akugogoda pansi ndi ndodo, kuti maliro onse ndi maukwati onse amene ndimajambula amadutsa kwa iwo.

Ndikanakonda kunena kuti ndinavomera chifukwa cha mantha okha. Zoona zake n'zakuti manja ankandiyabwa. Mtengo wa magetsi sugwedezeka, koma munthu amapuma, amatembenuka, amapukuta misozi. Ndinkafuna kuona ngati chida chija chingakwanitse, ndipo ndinkafuna kukadzitama m'gulu lija. Zimenezi zimandinyansa kuposa mdalayo.

Ntchitoyo inatenga masiku anayi, ndipo masiku onse anayiwo wapampando anakhala kumbuyo kwanga, akupumira pakhosi panga, akumwa tiyi wanga. Kufufuta munthu si masewera. Ndikawazunguliza mayiyo ndi mzere, kompyuta inkawachotsa koma khoma linkatsala lopindika ngati pulasitiki yopsa. Ndinkakonza chithunzi chimodzichimodzi. Ndikachotsa thupi, mthunzi unkatsala pa khoma. Ndikachotsa mthunzi, matiresi ankaonekabe otsika pamene anakhala. Kumanda kunali kovuta kwambiri, chifukwa azimayi awiri aja ankaoneka atagwira mphepo. Ndinakulitsa chithunzi n'kudula m'mbali mpaka anatsala mapewa okha.

"Apo! Chala icho!" mdalayo ankakuwa, akuloza galasi la laputopu ndi chikhadabo. "Tshetsha, fulumira mfana, anthu akudikira."

Maso awo anali akuthwa pa zinthu zoipa. Munthu amene satha kutumiza uthenga pa foni ankaona nsonga ya bulangete imene ine sindinaione. Kangapo konse ndinkafuna kuwamenya ndi chingwe cha chaja. Ndinkangoti "chabwino, bambo", n'kupitiriza.

Tsiku lachinayi kunatsala mawu. Kulira kwa mayiyo kunkamveka pamwamba pa anthu onse, ndipo ankalira m'Chitswana. Ndinatsitsa mawu a kumanda n'kuikapo nyimbo imene kwaya inaimba kutchalitchi. Kumapeto wapampando anandiuza zolemba, ine n'kulemba ndi zilembo zoyera: kuti bungwe la maliro ndilo linasamala malemu pa matenda ake onse mpaka kumuika. Kenako anati ndifufute zonse zimene ndinajambula poyamba, pa khadi la kamera ndi mu laputopu momwe, iwo akuona. Anaima mpaka kompyuta inanena kuti zatha. Khadi lomwelo ndinajambuliramo ukwati ku Lefaragatlha Loweruka lotsatira.

Kanemayo anapita kumudzi. Mdalayo anandiyatsira pa foni uthenga wa mawu wochokera ku Ntcheu, mayi wokalamba akuthokoza bungwe, akuti mwamuna wake sanafe ngati galu kuchilendo. Mdalayo ankamwetulira ine ndikumvetsera. M'gulu lija ndinaponyamo kachidutswa ka chipinda chija, osanena kuti amene anachotsedwamo anali ndani, ndipo anzanga anandiyamikira kwambiri.

Patatha mwezi, mayi a ku Luka anandiimbira foni. Chichewa chawo ndi chimene anaphunzira kwa malemu, chosakaniza ndi Chitswana. Anati tsiku la maliro sanaone chilichonse, maso anali pansi pa bulangete, ndiye akufuna aone mmene anamuperekezera mwamuna wawo. Ndinazengereza milungu iwiri. Ndinanama kuti laputopu yawonongeka, kenako kuti magetsi akuzimazima. Anaimbanso kachitatu. Ndinalibenso bodza lina, ndipo kanema amene ndinali naye anali mmodzi yekhayo.

Ndinafika masana. Anali atavala zakuda, nyumba yosesedwa bwino, bedi litabwezedwa m'chipinda. Ndinalumikiza fulashi ku TV. Ndinakonzekera kufotokoza kanemayo asanayambe, koma ndinangomuyatsa.

Chipinda chinaoneka, makandulo akuyaka, azimayi awiri atakhala uku ndi uku, pakati pawo matiresi opanda munthu. Mayiyo anaweramira kutsogolo. Anaonera tchalitchi, anaonera ulendo wa kumanda. Pofika poponya dothi anaimirira.

"Rra, ine ndili kae? Ndili kuti ine?"

Ndinawauza. Ndinatchula wapampando, ndinatchula mkazi wa kumudzi ndi BP yake. Sindinatchule zoti ndinkafuna kuyesa chida. Ndikuyankhula, zilembo zoyera zija zinakwera pa TV, ndipo anandilamula kuti ndiwawerengere. Ndinawerenga.

"Bungwe," anatero. "Bungwe ndi limene linkachapa mashiti a magazi? Bungwe linkamupukuta?"

"Ayi, Mma."

"Ndibwezere. Munandichotsa, ndibwezereni."

"Sizingatheke, Mma. Zoyamba zija tinafufuta."

Kenako anayamba kunditukwana m'Chitswana chenicheni, mawu ambiri amene sindinawamve, koma ena ndinawamva bwinobwino. Anati mdalayo ndi wakufa kale m'mutu, sakumudabwa, koma ine ndinalowa m'chipinda chawo, ndinaima pafupi ndi matiresi, ndinamwa madzi a m'nyumba mwawo. Anati manja anali anga. Panalibe bodza pa zimene ananenazo.

"Tsamaya! Tuluka m'nyumba mwanga."

Ndinatambasula dzanja kuti ndizule fulashi, iwo anandimenya pa mkono. Ndinaisiya. Ndinatuluka, agalu a oyandikana nawo akundiuwa, azimayi awiri akusuzumira pa mpanda. Nditafika pa geti ndinamva nyimbo ya koyambirira kwa kanemayo ikuyambanso. Ndinacheuka. Pa zenera ndinawaona ataima pafupi kwambiri ndi TV, chala chili pa galasi, akuyang'ana m'mbali mwa chithunzi chilichonse ngati pena pake ndinaiwalapo dzanja lawo. Ine ndinkadziwa kuti sindinaiwale paliponse.