Tsiku Lomwe Anti Korkor Anamva za Maliro Awo

Bambo Narh Padi analemba zikwangwani kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri asanakhudzepo kompyuta. Theka la malo ometera mu Koforidua muno lili ndi zikwangwani za mitu yojambula iwo. Makina osindikiza zikwangwani atafika, anzawo anakhala pansi n'kumadandaula. Iwo anatsuka mabulashi, n'kuyamba kukhala pa kafe ya intaneti ya Efo Selorm, kuseri kwa siteji ya minibasi, mpaka anadziwa kupanga masamba a pa intaneti. Pofika 2007 anali atapangira amalonda masamba khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo anali atagula laputopu yawoyawo.

Tsamba la makumi awiri linali la Anti Korkor, mkulu wa amayi ogulitsa mikanda pa msika wa Lachinayi. Amayi makumi atatu ndi mmodzi ankadikira kumva kwa iwo. Anti akanati ntchito ndi yabwino, Bambo Narh akanakhala ndi chochita chaka chonse. Akanati ndi yoipa, msika wonse ukanawatsekera chitseko.

Choncho anaikapo mtima. Anawajambula Anti atavala nsalu yawo ya pa chikondwerero, n'kudula chithunzicho motsata mapewa, kuti malo owazungulira akhale oonekera ngati galasi. Kuseri kwa phewa analemba kuti, "Zaka makumi anayi tikugulitsa mikanda," ndipo m'munsi anaika 1967 – 2007. Pa laputopu, Anti anaima bwinobwino pa tsamba lachikasu ngati alipodi.

Lolemba m'mawa, Bambo Narh akudya waakye, mpunga wophika pamodzi ndi nyemba, pakhomo la kafe, anaona Anti akubwera, foni ili m'manja.

"Narh! Wandipha liti, osandiuza?"

"Anti, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka? Akufa amadzuka? Mafoni asanu ndi awiri! Mchemwali wanga ku Somanya wagula kale nsalu yofiira ya pa maliro. Wina wafunsa mwana wanga kuti mtembo uli kuti!"

Efo Selorm anatsegula tsambalo pa kompyuta ya pakona, ya kiyibodi yofufutika zilembo. Anti anatulukira ali m'kati mwa bokosi lotuwa. Bokosilo linaphimba mawu onse a mikanda. Kunatsala nkhope, nsalu yabwino, ndi zaka ziwiri zokhala ndi kamzere pakati, ndendende mapepala a maliro omwe amamatidwa pa mitengo ya magetsi.

"Koma mwatuluka bwino, Anti," anatero Efo. "Ine ndikadabwera ndi chipepeso."

"Iwe khala chete. Ndipo Narh wandichotsera zaka! Makumi anayi, ine?"

Bambo Narh sanaseke. Anayenda mzere wonse akutsegula tsambalo. Pa makompyuta khumi ndi anayi, atatu okha ndiwo anaonetsa zoona. Enawo anali ndi pulogalamu yakale yotsegulira masamba, yomwe siidziwa chithunzi choonekera: ikapeza malo opanda kanthu, imapakapo zotuwa. Ndipo makasitomala a Anti ankaonera pa makompyuta otere, osati pa laputopu.

"Mundipatse mpaka dzuwa lifike apo," anatero Bambo Narh akuloza denga la siteji.

"Ndikhala pompano. Munthu wakufa sathamangira kulikonse."

Anafufuza, n'kupeza zomwe ena ovutika ngati iwo analemba. Njira yake inali yonyengerera. Umalemba mizere ingapo yomwe pulogalamu yakale yokha ndiyo imawerenga. Pamalo pa chithunzi umaikapo kadontho kopanda mtundu, kenako umaiuza kuti ijambule chithunzi chenichenicho kudzera m'kasefa kake kena, komwe kamadziwa zoonekera.

Atayesa koyamba, bokosi linachoka, koma Anti anatambasuka mpaka kudzaza tsamba.

"Tsopano wandiukitsa kuti undinenepetse?"

"Ndaiwala kuiuza muyeso, Anti."

Analemba mulifupi ndi mulitali. Anti anabwerera m'thupi mwawo, mawu a mikanda n'kuonekera kuseri kwa phewa. Bambo Narh anayendanso mzere wonse, akupempha ophunzira ndi amalonda kuti asunthe pang'ono. Khumi ndi anayi pa khumi ndi anayi.

Anti anavala magalasi, n'kuwerenga mawuwo mokweza kawiri. Kenako anaimbira mchemwali wawo ku Somanya.

"Dede, pita ukaonenso. Nsaluyo usunge, idzagwira ntchito, koma osati chaka chino."

Atadula foni anayang'ana Bambo Narh kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anthu omwe sanandiimbire zaka zisanu andiimbira lero. Awiri afunsanso za mikanda." Anakonza nsalu paphewa. "Lachinayi ubwere ndi kamera. Koma amayi anga aja usandiphere ngakhale mmodzi."

Lachinayi Bambo Narh anajambula amayi khumi ndi awiri mvula isanagwe. Otsalawo anawalemba mayina kuti adzawajambule sabata yamawa.