Maluwa a pa Dengu

Mwana wanga akumata timapepala tamaluwa pa dengu lakale, ndipo fungo la phala la chinangwa lomwe akumatira landibweza ku Kasanda, kunyumba za mgodi.

Amayi anali ndi pakati. Ankabweretsa timapepala tamaluwa topukutira pakamwa kuchokera kumayadi a ku Highridge komwe ankachapa zovala, tinkatimata limodzi pa dengu lathu lobooka. "Salaza bwino," ankatero, "muzikhala zovala za mng'ono wako."

Anapita nalo kuchipatala. Pobwera, m'manja munalibe mwana. Dengu anasenza azakhali, zovala zili chipindire.

Nditayamba kulira, azakhali ananditsina. "Chete iwe, mwana wotere saliridwa."

Amayi anakhala pakhomo, dengu pamiyendo, akumatula maluwa aja ndi chikhadabo, limodzilimodzi. Ine ndinkatola, n'kumabisa m'thumba la diresi.