Moto wa Anandowe

Dzina loti Anandowe analitola ali ndi digiri kale m'manja. Ku yunivesite anaphunzira uinjiniya wa mphamvu: ya dzuwa, ya mphepo, ya madzi. Anzake anasankha zaukhondo, zokwera padenga ndi masola. Iye mtima unagwera pa ndowe za ng'ombe, zimene zikawola m'thanki yotseka bwino zimatulutsa gasi wophikira.

Mayi ake zinawapweteka. Anali atauza kale msewu wonse kuti mwana wawo wamkazi adzakhala bwana wa magetsi, ndiye lero uyu akukankha wilibala ya ndowe kuchokera kukhola la aneba, mano onse pamtunda.

"Sukulu yonse ija kuthera m'ndowe?" ankatero mayiwo, kenako chifuwa n'kuwadula mawu.

Chifuwacho ndicho chinkamusowetsa mtendere Anandowe. Adokotala anali atanena mosabisa kuti mapapo a mayi atopa ndi utsi wa nkhuni. Choncho Anandowe anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, n'kuikamo thanki, n'kukoka paipi mpaka kukhitchini. Moto unayaka, wabuluu, wopanda utsi.

"Tiyi wophikira zimenezo? Ine ayi, mwanawe. Bola nditsokomole."

Anawafotokozera zonse za m'mabuku, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo, koma mayi anangoti m'kamwa mwa mwana muwawe. Atatopa, anasiya zolongosola. M'mawa wina anatenga ketulo ya mayi, ija ankaikwecha ndi mchenga tsiku lililonse mpaka zala kusupuka, n'kuwiritsira madzi pa gasi, n'kuisiya pamalo otsukira.

Mayi anabwera ndi mchenga wawo. Anaitembenuza ketulo ija. Mbee! Anapaka chala kunsi kwake, chala chinabwera choyera. Anainunkhiza kawiri, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wakuba.

"Iwe, kamoto kako kaja amayatsa bwanji?"

Masiku ano Anandowe amamanga matanki oterowo m'masukulu ndi m'makola, ndipo dzina lija amaliyankha mokondwa. Wilibala ya pakhomo inalandidwa ndi mayi, amene akakumana ndi munthu amaima kaye kuti munthuyo adziwe kuti mwini nzeruzo ndi mwana wawo.

Koma chimene amanyadira Anandowe si matanki. Tsiku lina akufika pakhomo anamva mayi akuimba kukhitchini. Anaima pakhonde, chikwama chili paphewa, kudikira pamene chifuwa chidulire nyimboyo. Inafika kumapeto, mayi n'kuyamba ina.