Dalaivala wa Ambulansi pa Mlatho

Kunyumba ankamutchula kuti Mantha, chifukwa ali mwana ankathawa ngakhale tambala. Atalembedwa usilikali, mlongo wake anaseka mpaka misozi.

"Iwe? Mfuti ikadzalira sudzabisala kunsi kwa bedi?"

"Andipatsa chiwongolero, achemwali. Yanga ndi ambulansi."

Anakwatira telala wina amene ankasokera pakhonde la sitolo. Akabwera patchuthi ankakhala pabenchi n'kumamulowetsera ulusi m'singano, chonsecho mkaziyo ankaona bwino kuposa iye.

Mkaziyo ali woyembekezera, gulu la Mantha linatumizidwa kunja kukasungitsa mtendere. Tsiku lina masana, zigawenga zinawabisalira pa mlatho. Galimoto yakutsogolo inayaka moto, ndipo ovulala anagona pamsewu, zipolopolo zikuwadutsa pamwamba. Mkulu wa gululo analamula kuti onse abwerere.

"Bwana, akugwedezeka, ali moyo," anatero Mantha pa wailesi. "Ndiloleni ndikawatenge."

Bwanayo anati, "Pita."

Mantha anaimika ambulansi mopingasa kuti itchinge anzakewo, n'kuyamba kuwakokera m'kati mmodzimmodzi. Akukweza womaliza, chipolopolo chinamulasa m'nthiti. Anayendetsabe mpaka pa geti la kampu. Onse amene anawanyamula anachira, koma iye anamwalira asanamufikitse patebulo la dokotala.

Chaka chotsatira banja linaitanidwa ku perete. Mkazi wake anaima padzuwa atabereka mwana wawo wamkazi kumbuyo, malipenga akulira, ndipo mkulu wa asilikali anamupatsa mendulo m'kabokosi. Mayiyo sanalire. Misozi inabwera pambuyo, pamene bambo wina woyendera ndodo, wa mwendo umodzi, anamuyandikira atavula chipewa.

"Alamu, ine ndi uja anandikweza pomaliza. Njira yonse ankandikalipira kuti ndisagone."

Kuyambira pamenepo bamboyo sanasowe pakhondepo. Anauza akazi a kukampu kuti telala wabwino ali kumeneko, moti mayunifolomu a ana asukulu anayamba kuunjikana mpaka mayiyo anagula makina achiwiri n'kulemba womuthandiza.

Loweruka lina makina akulira, kamwana kaja kanakwawa, n'kugwira ndodo ya mlendoyo, n'kuimirira.

"Alamu, siyani kaye kusoka, taonani kuno!"

Bamboyo anasendeza ndodo pang'onopang'ono, mwana akutsatira dzandidzandi, mpaka anafika pamaondo a mayi ake.