Nsomba munazilekanitsa, ife ayi

Ababa, dzulo m'loja ina yogulitsa tinsomba toweta ku Tete ndinaona kansomba kofiira, ka mchira wonga chitenje, mtima wanga n'kuwira pomwepo. Ndi mtundu uja munabwera nawo ku Fingoe pochoka ku Zambia nkhondo itatha, mphatso ya bwana wanu wa ku Lusaka. Zinali ziwiri zazimuna, iliyonse m'botolo lake. Nyumba inalibe denga, koma inu kalikiliki kuzifunira anzawo ofatsa. Tsiku lomwe ndinazithira m'beseni limodzi kuti zisasungulumwe, munandiwaza khofi. "Zazimuna sizikhalira pamodzi, zimaphana! Ukamaifunira mnzake, ipatse nkhono."

Zonsezo munkazidziwa, Ababa. Nanga bwanji ine ndi achimwene anga a Zakeyu munatisiyira munda umodzi wopanda malire, n'kumati tidzamvana? Chimwalirireni inu sitipatsana moni. Sabata yatha anandizulira chimanga chofika m'chiuno, ana anga akuonerera. Ndimakusowani, koma lero ndakukwiyirani zedi. Nsomba munkaziikira katoni pakati pa mabotolo kuti zisaonane. Ana anu, ngakhale mwala umodzi wa malire simunatiikire.