Makapu a maluwa a atate

Makapu aja anali asanu ndi limodzi, oyera ngati dzira, a maluwa ofiira m'mbali, lililonse ndi kambale kake kokhazikapo. Atate anabwera nawo kuchokera ku Halale atawakulunga m'malaya. Atamwalira, abale awo anagawana katundu monga mwa mwambo, ndipo makapu anabalalika. Ife tinatsala ndi kambale kamodzi kamene kanagwera kuseri kwa mtsuko.

Titakolola, amayi anapereka kambaleko kwa amalume amene ankapita pa njinga ku Fort Jameson, kuti akafune makapu ofanana nako. Anabwera nako. Mmwenye wa sitolo anawauza kuti mtundu umenewo anasiya kupanga. Amayi sanadandaule. Anangoti makapu aja tikawatsata komwe ali.

Chisanu chonsecho tinayenda, ine ndi iwo. Ndikukumbukira fumbi lozizira m'zala za kumapazi, ndi mapazi anga atang'ambika. Ku Zemba anaombola makapu awiri ndi dengu la nsawa. Kwina anathandiza kuzira nyumba masiku atatu kuti awapatse ena awiri. Kapu lina tinalipeza akusungiramo fodya wa m'mphuno, fungo lake linatenga sabata kuti lichoke. Paliponse amayi ankakhala pansi, kupereka moni bwinobwino, kenaka n'kutulutsa kambale kaja. Sanapemphe ngati wosauka, sanakalipe ngati wolandidwa. Mpaka lero sindinaone munthu wina wodziwa kupempha chotero.

Lomaliza linali ku Mlolo, kwa azakhali, mlongo wa atate. Tinanyamula thadzi. Tinawapeza akusenda chinangwa. Atamva chimene tadzera analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu lokulungidwa m'mpango wawo wa kutchalitchi. Linalibe kambale. Sanalipereke. Analigwira ndi manja awiri, akuyang'ana pansi.

"Mulamu, mlongo wanga uja ndinamubereka kumsana ndine," anatero.

Amayi anamasula nsalu, natenga kambale kathu, nakaika pamphasa patsogolo pa azakhali. Thadzi lija analisiyanso.

Amuna anga ndinawaika chaka chatha. Mlongo wawo atapempha chipewa chawo, dzanja langa silinachedwe, ndipo ndikudziwa amene anandiphunzitsa.

Koma tsiku lija ndinabwerera nditakwiya, njira yonse ndili patsogolo. Ndinkati tapita kukatenga, tabwerako titataya. Ndinkaganiza kuti atate anafera ife tokha.